Kodi Kompyuta Yathu Ifuna Coziziritsa Catsopano?

Lero tikambirana za kutentha kwa kompyuta, ndiponso za funso limene aphunzitsi aakulu ambiri amakumana nalo pamene dzuwa la mwezi wa Okutobala lafika pacimake. Kompyuta ya mu ofesi kapena ya m'cipinda cophunziriramo yayamba kulira ngati njuci za m'mphako. Nthawi zina icita ulesi, nthawi zina izima yokha nchito iri pakati. Tsono pabwera munthu nanena kuti, "Gulani coziziritsa cacikulu, camakono." Ndalama za sukulu n'zocepa, ndipo zimene zingagule coziziritsa zingathenso kugula coko ndi mabuku, kapena kukonzera mpope wa madzi. Kodi tigule kapena tileke? Kuti tiyankhe bwino, tiyambe tadziwa kumene kutenthako kucokera, ndi njira imene kutulukira.

M'kati mwa kompyuta iri yonse muli kanthu kakang'ono kochedwa purosesa. Kameneka ndiko kamene kamawerengera ndi kulamulira nchito zonse za kompyuta. Mtima wake ndi kacidutswa kopyapyala ka silikoni, kukula kwake ngati cikhadabo ca cala cacikulu ca kudzanja. Silikoni amayengedwa kucokera ku mwala wonyezimira wochedwa quartz, umene uli woculuka mu mcenga. Pa kacidutswa kameneka amakonzapo tizitseko ting'onoting'ono ta magetsi tochedwa matransistor, timene timatseguka ndi kutsekeka kuti magetsi apite kapena aime. Transistor yoyamba inapangidwa m'caka ca 1947 ku Bell Laboratories m'dziko la America, ndipo amene anatamandidwa pa nchitoyo ndi John Bardeen, Walter Brattain ndi William Shockley. M'caka ca 1971 kampani ya Intel inatulutsa purosesa yochedwa 4004, imene inali ndi matransistor 2,300. Purosesa za masiku ano ziri ndi matransistor mabiliyoni angapo, ndipo koloko imene imaziyendetsa imagunda nthawi mabiliyoni atatu kapena anai pa sekondi imodzi, mwina kupitirirapo.

Nanga kutentha kucokera kuti? M'zaka za m'ma 1840, munthu wina wa ku Manchester m'dziko la England, dzina lake James Joule, anaonetsa ndi miyeso kuti magetsi akamayenda mu waya amabala kutentha. Inu ana mwaziona zimenezi pa nsimbi ya magetsi ndi pa sitovu. Pa nsimbi kutenthako timakufuna, pakuti ndiko kumene kumaongola zobvala. M'kompyuta sitikufuna, koma kumabwerabe, cifukwa pafupifupi magetsi onse amene alowa mu purosesa amatsirizira kukhala kutentha. Mphamvu ya magetsi timaiyesa ndi mawati. Purosesa wamba ya kompyuta ya pa tebulo imadya mawati 65 ikamagwira nchito yolemetsa, ndipo zina zamphamvu zimapitirira mawati 200. Babu lacikale la mawati 60 limaocha dzanja ukaligwira, cikhalireco galasi lake ndi lalikulu ngati nkhonya. Taganizani tsono kutentha kofanana ndi kumeneko kukutulukira pa malo aang'ono ngati cikhadabo. Popanda cocotsa kutenthako, purosesa ingafike pa malire ake m'masekondi owerengeka cabe.

Bvuto limeneli linayamba ndi makompyuta oyamba omwe. Kompyuta yochedwa ENIAC, imene inaonetsedwa kwa anthu m'caka ca 1946 pa yunivesite ya Pennsylvania, inalibe matransistor. Inali ndi mababu apadera a galasi pafupifupi 18,000, inadzaza cipinda cacikulu, ndipo inali kudya mawati okwana 150,000. Anacita kuiikira mafani aakulu kuti isapse. Makompyuta acepa msinkhu kucokera pamenepo, koma lamulo la Joule liri cimodzimodzi mpaka lero.

Tsopano tione m'mene coziziritsa cimagwirira nchito. Mukaika supuni ya citsulo ndi mthiko wa mtengo m'madzi otentha, patapita kanthawi cogwirira ca supuni catentha pamene mthiko ukali wozizira. Zimenezi zitiphunzitsa kuti zinthu zimasiyana pa kuyendetsa kutentha. Pa muyeso umene a sayansi amagwiritsa nchito, mkuwa uli pafupi ndi 400, aluminiyamu ali pa 237, pamene mpweya wongokhala uli pa 0.026 cabe. Ndiye kuti mkuwa umaposa mpweya nthawi zoposa 15,000. Siliva yekha ndiye citsulo coposa mkuwa, ndiponso auposa pang'ono, koma mtengo wake ndi waukulu. Ici ndico cifukwa cake pamwamba pa purosesa amakhazikapo citsulo ca mkuwa kapena ca aluminiyamu. Ife a m'Zambia tiri ndi mbali yathu pamenepa, pakuti mkuwa wa ku Kitwe, Mufulira, Chingola ndi Solwezi umagulitsidwa ku maiko akunja kumene amapanga zipangizo zotere.

Citsulo cimeneci sacisiya cambulumbulu. Amacidula kuti cikhale ndi timapepala tambirimbiri topyapyala, toimirira m'mizere ngati mano a cipeso. Anthu a nchitoyi amacichula heat sink. Cifukwa cake mucidziwa kale. Mai akafuna kuti phala la mwana lizizire msanga, amalithira m'mbale yotakata, salisiya m'kapu. Njobvu za ku cigwa ca Luangwa ziri ndi makutu otambalala, odzaza ndi mitsempha ya magazi, ndipo dzuwa likakula zimawakupiza kuti mphepo icotse kutentha kwa m'thupi. Malo okhudzana ndi mpweya akakula, kutentha kumacoka msanga. Pamwamba pa timapepalato amamangapo fani, imene nchito yake iri ngati ya munthu wouzira phala pa supuni: imakankha mpweya umene watentha kale kuti pabwere wina wozizira.

Pakati pa purosesa ndi citsuloco pali cinthu cina cacing'ono cimene ambiri saciona. Ngakhale zitsulo ziwirizo zimaoneka zosalala, ziri ndi timabowo ndi timizere tosaoneka ndi maso, ndipo m'timabowoto mumatsalira mpweya. Taona kale kuti mpweya suyendetsa bwino kutentha. Motero amapakapo mankhwala otuwa, okhuthala ngati phala, ochedwa thermal paste, kuti atseke timipatato. Mankhwalawa akakhalitsa zaka zambiri amauma nang'aluka, ndipo kutentha kumayamba kucedwa pa njira.

Zoziziritsa zina zokulirapo ziri ndi timapaipi ta mkuwa totsekedwa mbali zonse ziwiri. M'kati mwake muli madontho ocepa a madzi, ndipo mpweya anaupopamo kuucotsa. Madzi amawira pa madigiri 100 m'mphepete mwa nyanja yamcere, koma kumalo okwera, kumene mpweya uli wopepuka, amawira msanga. Mu Lusaka, mzinda umene uli pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,280, madzi amawira pafupi ndi madigiri 96. M'kapaipi kopanda mpweya amawira ngakhale pa kutentha kocepa kwambiri. Tsono kunsi, pafupi ndi purosesa, madziwo amasanduka nthunzi natenga kutentha. Nthunziyo imathamangira ku mbali yozizira kumene kuli timapepala ndi fani, nisandukanso madzi, ndipo madziwo amabwerera m'mbali mwa paipi monga m'mene parafini amakwerera pa cingwe ca koloboi. Njira imeneyi anaikonza bwino George Grover ku Los Alamos m'caka ca 1963. Nzeru yake ifanana ndi ya thukuta, ndiponso ya mtsuko wa dothi umene umaziziritsa madzi akumwa pamene cinyezi ca kunja kwake cikuuma.

Mtundu wacitatu ndi coziziritsa ca madzi oyenda. Cimagwira nchito monga rediyeta ya basi. Kapampu kakang'ono kamazunguza madzi m'mapaipi kucokera pa purosesa kupita ku rediyeta, kumene mafani amawauzira. Madzi amasenza kutentha kwambiri. Galamu imodzi ya madzi imasunga kutentha kuposa galamu imodzi ya mpweya nthawi pafupifupi zinai. Komabe onani kuti ngakhale pamenepa, amene amatsiriza nchitoyo ndi mpweya wa m'cipinda.

Apa pali mfundo ziwiri zimene ndifuna kuti aphunzitsi azilembe pa bolodi. Yoyamba ndi yakuti coziziritsa sicipha kutentha, cimangokusamutsa kucoka m'purosesa kupita m'cipinda. Kompyuta yodya mawati 100 idzatenthetsa cipinda mofanana, kaya coziziritsa cake n'ca mtengo wocepa kapena wokwera. Yaciwiri ndi yakuti coziziritsa ca mpweya kapena ca madzi sicingatsitse purosesa kupitirira kuzizira kwa mpweya umene cikupuma. Cimene cimatha ndi kucepetsa kusiyana kwa pakati pa purosesa ndi cipinda.

Tiyeni ticite masamu pang'ono. Tiyerekeze kuti m'mawa wina wa mwezi wa Juni cipinda ciri pa madigiri 18, ndipo purosesa, pogwira nchito yolemetsa, iri pa madigiri 70. Kusiyana kwake ndi 52. Mwezi wa Okutobala ukafika, cipinda comweco ca malata opanda siling'i cafika pa madigiri 35. Kusiyana kuja sikusintha kwenikweni, conco purosesa idzakhala pafupi ndi 35 kuonjezapo 52, ndiwo madigiri 87. Kompyuta yomweyo tikapita nayo ku cigwa ca Luangwa kapena ca Zambezi, kumene dzuwa la nyengo imeneyo limapitirira madigiri 40, idzayandikira 95. Palibe cimene caonongeka m'kati mwake, yasintha ndi nyengo. Phunziro lake ndi lakuti coziziritsa ticiweruze m'mwezi wotentha kopambana, osati m'nyengo ya cisanu. Kumbukiraninso kuti mpweya wa kumalo okwera monga Lusaka uli wopepuka, ndipo umasenza kutentha kocepa poyerekeza ndi wa kunyanja.

Kodi kutentha koopsa kuyambira pati? Pamenepa dzanja la munthu limanama. Thupi lathu liri pa madigiri 37, ndipo citsulo ca madigiri 60 cimatiocha. Koma kwa purosesa madigiri 60 ndi mpumulo. Ikakhala yopanda nchito yambiri, imapezeka kawirikawiri pakati pa 30 ndi 50. Ikalemedwa, imakwera kufika pakati pa 60 ndi 85, ndipo palibe colakwika. Malire a purosesa zambiri za Intel ali pa madigiri 100, ndipo a zambiri za AMD Ryzen ali pa 95. Kakompyuta kakang'ono kochedwa Raspberry Pi, kamene kanayamba kugulitsidwa ku Britain m'caka ca 2012 kuti ana aphunzirirepo, kamayamba kudziteteza pa madigiri 80.

Kudziteteza kumeneku n'kofunika kukumvetsa. M'kati mwa purosesa muli tizipangizo toyesa kutentha. Ikayandikira malire ake, purosesa imacepetsa yokha liwiro, monga mlimi amene amacepetsa khasu dzuwa likafika pamutu. Liwiro likacepa, magetsi odyedwa amacepa, kutenthanso kumatsika. Zikapanda kuthandiza, kompyuta imazima kuti isapse. Foni ya m'manja imacita cimodzimodzi ikasiyidwa pa dzuwa. Purosesa zatsopano zimacitanso cina: zimaonjezera zokha liwiro mpaka zitafika pafupi ndi malire. Pamene kampani ya AMD inatulutsa Ryzen 7000 m'caka ca 2022, inalongosola kuti purosesa zimenezo zinakonzedwa kuti zizifika pa madigiri 95 pa nchito yolemetsa. Motero ciwerengero cacikulu paokha sicitanthauza kuti pali ngozi.

Tsono coziziritsa catsopano cingatipatse ciani? Ngati purosesa inali kufika pa malire nicepetsa liwiro, cidzabweza liwirolo. Ngati fani yaing'ono inali kuzungulira mwamphamvu ndi phokoso, fani yaikulu idzakankha mpweya womwewo pozungulira pang'onopang'ono, ndipo m'kalasi mudzamveka mau a aphunzitsi. Ndi zoonanso kuti kutentha kwa nthawi yaitali kumakalambitsa zipangizo za magetsi, makamaka batire ndi tizigawo tochedwa macapacitor. Koma purosesa yosungidwa m'kati mwa malire ake nthawi zambiri imakhala zaka zoculuka, mpaka eni ake kuisiya cifukwa yatsalira m'mbuyo, isanafe. Ngati purosesa yanu iri pa madigiri 72 pa nchito yolemetsa, ndipo mwaononga ndalama kuti itsike pa 58, kompyuta sidzalemba kalata msanga kuposa kale. Mwagula ciwerengero cokongola, basi.

Akulu akale anati safunsa anadya phula. Musanagule kanthu, funsani kompyutayo. Pali mapulogalamu aulere, monga HWMonitor ndi Core Temp, amene amaonetsa kutentha kwa purosesa. Lembani m'buku kutentha kwa cipinda, kutentha kwa purosesa pamene yangokhala, ndi kutentha kwake itagwira kwa mphindi khumi ndi zisanu nchito yolemetsa kopambana imene inu mumaipatsa. Citani zimenezi masana, dzuwa litakula. Yang'ananinso ngati liwiro likutsika pamene kutentha kwakwera. Manambala amenewa ndiwo mboni zanu.

Mukapeza kuti kutentha kwakuladi, yambani ndi zosalira ndalama. Coyamba, onani malo. Kodi kompyuta yatsamira ku cipupa, mabowo ake otulutsira mpweya atatsekeka? Kodi iri m'kabati, kapena pa zenera pamene dzuwa limaiomba? Ambiri amafunditsa kompyuta citenge poiteteza ku fumbi. Ndi mwambo wabwino pamene yazimitsidwa, koma citengeco cicoke kompyuta isanayatsidwe. Laputopu imapumira kunsi, conco ikhale pa tebulo, osati pa bulangete, pa pilo kapena pa matiresi. Kuikweza kumbuyo pang'ono ndi kathabwa kumathandiza. Mazenera a cipinda atsegulidwe kuti mpweya wotentha utuluke, ndipo nchito zolemetsa zicitike m'mawa.

Caciwiri ndi fumbi. Kuyambira mwezi wa Ogasiti mpaka mvula itagwa, mphepo imaulutsa fumbi, ndipo fani imalikokera m'kati tsiku ndi tsiku. Limamatirira pakati pa timapepala ta citsulo tija nilukana ngati thonje, kotero kuti mpweya sungapite. Citsuloco cimakhala ngati cabvala bulangete. Munthu wamkulu azimitse kompyuta, azule cingwe ca magetsi pa cipupa, aitulutse panja, ayambe wakhudza citsulo ca bokosilo kuti acotse magetsi obisika a m'thupi mwake, ndipo apemerere fumbilo ndi copopera mpweya kapena alisese ndi kaburashi kofewa kouma. Pouzira agwire fani ndi cala kuti isazungulire mopitirira muyeso. M'malo a fumbi nchitoyi icitike kawiri pa caka, ndipo nthawi yabwino ndi pamene Okutobala asanafike. Kompyuta ikhalenso pa tebulo, pakuti pansi ndi pamene fumbi limaculuka.

Cacitatu, onani ngati mafani onse akuzungulira. Fani yakufa kapena yolira mokhwekhwereza isinthidwe, ndipo mtengo wake ndi wocepa poyerekeza ndi coziziritsa conse. Cacinai, mmisiri wodziwa aone ngati citsulo cija cagwira molimba pa ngondya zonse zinai, pakuti kompyuta imene yayenda pa mseu wa mabampu ingacigwedeze. Iye apukute mankhwala akale ouma, napake atsopano, kadontho kamodzi pakati, kukula kwake ngati njere ya nandolo. Cacisanu, makompyuta ambiri amalola kuti ucepetse mphamvu ya magetsi imene purosesa ingadye. Liwiro limatsika pang'ono, kutentha kumatsika kwambiri, ndipo sukulu imene imadalira magetsi a dzuwa imapindula pawiri, popeza mabatire amakhalitsa. Mukatsiriza zonsezi, yesaninso, mulinganize ndi manambala oyamba aja. Kawirikawiri bvuto limathera pompa.

Nanga ndi liti pamene kugula kuli koyenera? Ndi pamene mwacita zonsezi, koma purosesa ikufikabe pa malire ake nicepetsa liwiro pa nchito imene mumacitadi, monga kukonza mafilimu a maphunziro kapena zithunzi zazikulu. Ndi pamenenso wina anaika purosesa yamphamvu nasiya coziziritsa cacing'ono ca purosesa yakale, kapena pamene phokoso la fani likusokoneza maphunziro, kapena pamene sukulu iri ku cigwa kotentha ndipo kuyeretsa sikukwanira. Pamenepo gulani, ndipo musazengereze, pakuti kompyuta yozima pakati pa kulemba zotsatira za mayeso ingataye nchito ya tsiku lonse.

Pogula, coziziritsa ca mpweya cokhala ndi timapaipi ta mkuwa ndi fani yaikulu cimakwanira pa nchito pafupifupi zonse za sukulu. Mulibe cina coyenda koma fani yokha, ndipo ikafa n'kosabvuta kupeza ina. Mufunse zinthu zitatu: ngati cigwirizana ndi mtundu wa malo okhazikapo purosesa yanu, pakuti zomangira za Intel ndi za AMD ziri zosiyana; ngati msinkhu wake ungalowe m'bokosi la kompyuta, citseko n'kutsekeka; ndiponso ngati anacipanga kuti cisenze mawati a purosesa yanu. Makompyuta ena aang'ono a mu ofesi ali ndi zomangira zaozao, zosalandira coziziritsa ca kampani ina. Laputopu nayo simungaiikire cacikulu, cifukwa cake cinapangidwira thupi lomwelo. Cimene mungathe ndi kuciyeretsa, kusintha fani ndi kupaka mankhwala atsopano.

Coziziritsa ca madzi cimakopa maso, makamaka cija cokhala ndi timagetsi ta mitundumitundu. Koma cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Pampu yake ingafe, ndipo ikafa purosesa imafika pa malire nthawi yomweyo. Madzi ake amacepa pang'onopang'ono pakupita kwa zaka, ndipo paipi ikadontha, ngakhale sizicitika kawirikawiri, madzi amagwera pa zipangizo za magetsi. Sukulu ya kutali ndi tauni ingadikire milungu yambiri kuti ipeze cina. Kuziziritsa ndi madzi kuli ndi malo ake. Kompyuta yaikulu yochedwa Cray-2 ya m'caka ca 1985 inali yomizidwa m'madzi apadera osayendetsa magetsi. Mu 2011 kampani ya Google inatsegula nyumba ya makompyuta ku Hamina m'dziko la Finland, m'fakitale yakale ya mapepala, ndipo imaiziziritsa ndi madzi a m'nyanja. Kumeneko kuli makompyuta zikwi zambiri ogwira nchito usana ndi usiku. Kompyuta yolembera makalata ndi kuphunzitsira ana kutaipa siiri pa gulu limenelo.

Tisaiwalenso kuti ulesi wa kompyuta uli ndi zifukwa zina. Ngati muyeso waonetsa kuti kutentha kuli bwino, koma kompyuta ikucedwabe, mwina RAM yake ndi yocepa, mwina iri ndi hard disk yacikale yozungulira, mwina yalowa mavairasi kapena mapulogalamu ambiri akuyenda mobisika. Ndalama zimene mukanagulira coziziritsa zingapindule kwambiri pogula SSD kapena kuonjezera RAM. Ngati kompyuta izima yokha isanatenthe, kaikirani magetsi. Ciyambire cilala ca caka ca 2024, pamene madzi a mu Kariba anatsika ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, tonse tidziwa m'mene magetsi amacokera ndi kubwera mwadzidzidzi. Cipangizo coteteza ku kulumpha kwa magetsi, kapena UPS imene imapatsa munthu mphindi zosungira nchito yake, cingapulumutse kompyuta kuposa coziziritsa ca mtengo wapatali.

Tsopano mau ocenjeza, makamaka kwa inu ana. Musaike nsalu yonyowa, madzi oundana kapena botolo lozizira pa kompyuta kapena pa foni, ndipo musailowetse m'firiji. Mwaona m'mene mame amapangikira kunja kwa botolo la cakumwa cozizira. Mame otero akapangika m'kati, magetsi amadutsa njira yolakwika ndipo zitsulo zimacita dzimbiri. Mankhwala otsukira mano sangalowe m'malo mwa thermal paste, cifukwa amauma msanga. Musalowetse cala kapena pensulo mu fani. Mwana asatsegule bokosi la kompyuta popanda mphunzitsi. Ndipo kabokosi kamene cingwe ca magetsi a pa cipupa cimalowamo kasatsegulidwe ndi munthu ali yense wosaphunzira nchitoyo, pakuti kamasunga magetsi oopsa ngakhale cingwe citazulidwa. Mukamva fungo la cinthu copserera, uzani aphunzitsi msanga kuti azimitse magetsi.

Kwa inu aphunzitsi anzanga, phunziro ili lingaphunzitsidwe ngakhale pa sukulu yopanda kompyuta. Tengani madzi ofunda bwino, osati owira. Ikanimo supuni ya citsulo, mthiko ndi kawaya ka mkuwa, ndipo ana anene cimene cayamba kufunda. Thirani madzi ofanana m'kapu ndi m'mbale yotakata, muyerekeze pakapita mphindi khumi. Kenaka tengani mbale ziwiri zofanana, mwana mmodzi akupize imodzi ndi cikuto ca buku, inayo ingokhala. Pomaliza mwana anyowetse dzanja limodzi, akupize manja onse awiri, nanene limene lazizira. Zoyesa zinaizi ndizo mkuwa, timapepala, fani ndi kapaipi ka nthunzi.

Pambuyo pake afunseni mafunso awa. Cifukwa ciani citsulo ca pa purosesa amacidula timapepala? Cipinda ciri pa madigiri 20 ndipo purosesa iri pa 68. Kodi idzakhala pa madigiri angati cipinda cikafika pa 36? Ngati malire ake ndi 95, patsala madigiri angati? Kodi sukulu imeneyo igule coziziritsa catsopano? Alekeni ana atsutsane pa funso lotsirizali, koma ali yense apereke cifukwa cocokera m'manambala.

Kwa aphunzitsi aakulu ndi makomiti a makolo amene asunga thumba la sukulu, dongosolo lake ndi ili. Yesani kutentha m'nyengo yotentha. Konzani malo, cotsani fumbi, onani fani ndi mankhwala aja. Yesaninso. Purosesa ikakhala pansi pa madigiri 85 pa nchito yolemetsa, liwiro losatsika, phokoso losabvuta, sungani ndalama zanu. Ikamafikabe pa malire nicepetsa liwiro, gulani coziziritsa ca mpweya coyenerana ndi kompyutayo, ndipo mmisiri wodziwa ndiye acimange.